Manambala a pa Batire la Foni ndi Sikelo ya ku Munda wa Tiyi

M'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, pamene tiyi amaphuka msanga kuposa momwe manja angathere kumuthyola, anthu a m'maesiteti a ku Thyolo amalaŵira kukali mbuu. Wothyola tiyi wa ku Satemwa, ku Conforzi, ku Naming'omba kapena ku Makwasa amabereka dengu kumsana, ndipo masiku ano ambiri amatenganso foni yokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki kuopa mvula. Foniyo ndi imene imabweretsa uthenga wa mwana amene wadwala kumudzi, ndi imene imalandira ndalama za Mpamba kapena Airtel Money, ndi imene amalankhulira ndi mbale wa ku Johannesburg, ndiponso ndi imene imaunikira njira usiku. Ikatha moto dzuŵa lili paliwombo, mwiniwake sakhalanso ndi mtendere mpaka atapeza malo otchajira, ndipo malo otere sali pafupi kwa aliyense.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malaŵi muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira ndi magetsi, pamene zoposa theka zinkadalira tochi za mabatire. Kotero anthu ambiri a m'midzi yozungulira minda ya tiyi amatchajitsa mafoni awo molipira, m'magolosale ndi m'malo ometera, kapena kwa mnansi amene ali ndi sola padenga. Ngakhale iwo okhala pansi pa nthambo za ESCOM anaona zakuda m'chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a ku Kapichira pa mtsinje wa Shire. Malowo anayambanso kugwira ntchito mu 2023, chaka chomwe namondwe Freddy anasakaza maboma a kum'mwera, Thyolo ali momwemo. Munthu amene anapyola m'masiku amenewo safuna kuuzidwa kufunika kwa batire losunga moto.

Komatu batire la foni limakalamba. Pakatha zaka ziŵiri kapena zitatu limayamba kutha moto msanga, ndipo mwiniwake amapita ku msika wa ku Bvumbwe, wa ku Luchenza kapena wa pa boma kukafuna lina. Kumeneko amamuonetsa mabatire aŵiri ofanana msinkhu, lina lolembedwa 3.7V, lina 3.85V, namuuza kuti la nambala yaikululo ndilo lamphamvu, ndilo losunga moto, ndipo mtengo wake n'ngokwererako. Wogulayo, amene wathyola masamba masiku angapo kuti apeze ndalamayo, amasoŵa choyankha. Kaŵirikaŵiri wogulitsayo sanama mwadala ayi, amangobwereza zimene anamva kumene anakapikula katunduyo. Koma choonadi cha m'mawu akewo n'chochepa kwambiri, ndipo nthaŵi zina mawuwo amapweteketsa munthu.

Yankho la nkhaniyi akuluakulu analidziŵa kale mafoni asanabwere. M'masiku a mawailesi a Nzeru, amene ankapangidwa ku Blantyre, banja lililonse linkagula mabatire aakulu a mu wailesi, ndipo pa batire lililonse pankalembedwa 1.5V. Kabatire kakang'ono kolingana ndi chala, kamene kamaloŵa mu wotchi ya pakhoma, nakonso kamalembedwa 1.5V. Nambala ndi imodzi, koma lalikulu lija limaimbitsa wailesi milungu ingapo, pamene kakang'onoko katapatsidwa ntchito yomweyo kangathe m'masiku ochepa. Chomwecho chilembo cha V sichinena za kutalika kwa nthaŵi. Chimaimira mawu oti volt, otengedwa ku dzina la Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800, ndipo chimanena za mphamvu imene batire limakankhira magetsi. Mabatire anayi a 1.5V akandandalikidwa mutu ndi mchira amakankha ndi 6V, monga amuna anayi okankha lole imodzi yotitimira m'matope. Batire la galimoto ndi la 12V chifukwa m'kati mwake muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha 2V.

Pa batire la foni pamakhala nambala yachiŵiri, yotsatiridwa ndi zilembo zoti mAh. Imeneyi imanena kuchuluka kwa magetsi amene batire lingatulutse lisanathe, kotero ndiyo imasiyanitsa batire lalikulu la mu wailesi ndi kakang'ono ka mu wotchi kaja. Kuti manambala aŵiriŵa amveke bwino, womvera aganizire za kumunda. Wothyola tiyi amadzaza dzanja ndi nsonga za masamba, naponya m'dengu kumsana, nabwereza choncho tsiku lonse. Munthu atati aŵerenge kuti dzanjalo lapita kudengu kangati, angapeze nambala yonga ya mAh. Atati ayeze kulemera kwa masamba a m'dzanja limodzi, angapeze nambala yonga ya V. Koma kalaliki wa pasikelo safunsa kuti dzanja linapita kangati, kapena kuti n'lalikulu chotani. Iye amalemba makilogalamu, pakuti m'makilogalamumo ndimo zonse ziŵiri zakumana.

Batire nalonso lili ndi sikelo yake, ndiyo nambala yotsatiridwa ndi zilembo zoti Wh. Opanga mabatire ambiri amailemba m'timalemba tating'onoting'ono, koma ikasoŵa, mwana wa sukulu akhoza kuipeza ndi pensulo. Achulukitse nambala ya V ndi nambala ya mAh, kenaka agaŵe ndi 1000. Batire la 3.85V ndi 2500 mAh limapereka 9.6 Wh. Batire la 3.7V ndi 3000 mAh limapereka 11.1 Wh. Pamenepa la V yaing'ono ndilo lalemera pasikelo, ngakhale kuti kumsika kuja likanatchedwa lofooka. Nanga mabatire onse aŵiri akakhala a 3000 mAh? La 3.85V limafika pa 11.55 Wh, la 3.7V n'kukhala pa 11.1 Wh pomwepo. Kusiyana kwake ndi magawo 4 pa 100, ndiye kuti pa foni imene imakhala maola khumi, mwiniwake wapindula mphindi 24 zokha. Choonadi chonse cha mawu a wogulitsa uja chathera pa mphindi zimenezi.

Sikeloyo imaululanso chinthu china chimene chimadabwitsa anthu amene angosiya kumene foni ya mabatani. Batire lotchuka la BL-5C, limene linkaloŵa m'mafoni ambiri a Nokia ndipo likupezekabe m'mafoni ang'onoang'ono ndi m'timawailesi ta m'manja, limalembedwa 3.7V ndi 1020 mAh, ndiye pafupifupi 3.8 Wh. Foni yamakono ya 3.85V ndi 5000 mAh ili ndi 19.25 Wh, kasanu kuposa pamenepo. Komabe ya mabatani imatha masiku angapo, pamene yamakonoyo imafuna tchaja tsiku ndi tsiku. Nkhokwe yakula kasanu, koma pakhomo pachuluka odya.

Tsono n'chifukwa ninji mabatire a mafoni amasiyana nambala ya V? Onse ndi a mtundu umodzi, wa lithium, umene kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa m'chaka cha 1991, ndipo akatswiri atatu amene anauyambitsa, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Batire lotere silikhala pa V imodzi. Likadzaza limakankha mwamphamvu, likamatha limanka lifooka, mpaka foni imadzizimitsa yokha likatsikira kufupi ndi 3V. Nambala ya 3.7V ndi ya pakatikati chabe pa ulendo umenewu. Mabatire oyamba ankadzazidwa mpaka 4.2V. M'kupita kwa zaka akatswiri anakonza mankhwala a m'kati kuti apirire kudzazidwa kupyola pamenepo, ndipo panatuluka mabatire a 3.8V amene amadzaza pa 4.35V, ndi a 3.85V amene amadzaza pa 4.4V. Malire odzazira ameneŵa amalembedwanso pa batire, ndipo pa manambala onse ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa ngozi ili pamenepo.

Magetsi a pakhoma ndi a 230V. Tchaja imawatsitsa kufika pa 5V, ndipo m'kati mwa foni muli kachipangizo kamene kamawatsitsanso ndi kuimitsa kutchaja batire likafika pa malire ake. Kachipangizoka kanakonzedwa molingana ndi batire limene foniyo inabwera nalo, ndipo sikadziŵa kuti mwiniwake wasintha. Batire la 3.85V likaloŵa mu foni imene imaima pa 4.2V, silidzaza. Palibe choopsa, koma munthuyo walipira mtengo wokwera chifukwa cha malo amene sadzawagwiritsa ntchito, ndipo nambala yosonyeza moto wotsala imayamba kumunamiza. Zimachitikanso chimodzimodzi batire lotere likachotsedwa mu foni n'kutchajidwa pa matchaja otsina aja a m'magolosale, pakuti ambiri mwa iwo amaima pa 4.2V. Mwiniwake amabwerera kunyumba akudandaula kuti wamugolosale anachotsa batire msanga, chikhalirecho nyali yobiriŵira inayakadi.

Mbali inayo ndiyo yoopsa. Batire la 3.7V likaloŵa mu foni imene imakankha mpaka 4.4V, limadzazidwa kupyola muyezo nthaŵi iliyonse likatchajidwa. Wothyola tiyi aliyense amadziŵa chifukwa chake kapitawo amaletsa kupanikiza masamba m'dengu. Masamba opanikizidwa amatentha, amafiira, ndipo sakhalanso tiyi wabwino. Batire lopanikizidwa nalonso limatentha, mankhwala ake amaonongeka n'kutulutsa mpweya, ndipo limatupa mpaka kukankha chivundikiro cha foni kapena kusweka galasi. Batire labwino limakhala ndi kachitetezo kake kodula magetsi zinthu zikafika poipa, koma m'mabatire otchipa kachitetezoko n'kosadalirika. Batire lotupa likhoza kuyaka, ndipo moto wake ndi waukali. Dziko lonse linaona zimenezi mu 2016, pamene kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ake a Galaxy Note 7 n'kuleka kuwapanga chifukwa mabatire ake ankayaka. Kumeneko vuto linali kapangidwe ka mabatirewo, koma nkhaniyo inaonetsa kukula kwa moto umene umagona m'kanthu kopyapyala kotere. M'nyumba ya chipinda chimodzi, momwe foni imagona pamphasa pafupi ndi ana ndi masikito, imeneyi si nkhani yoseŵera nayo.

Pali vuto linanso, lakuti pepala silikana inki. Mabatire ena achinyengo amalembedwa manambala a mAh amene sangatheke. Kabatire kolingana ndi BL-5C kakalembedwa 3000 mAh kapena 5000 mAh, wogula adziŵe kuti ndi chikomekome cha nkhuyu. Mankhwala osunga magetsi amafuna malo ndipo amalemera, kotero batire la msinkhu womwewo silingasunge katatu kuposa linzake, monganso ndowa ya malita 20 singanyamule malita 60 chifukwa choti wina wailemba chomwecho. Batire lopepuka m'manja kuposa lakale, koma lodzitama ndi nambala yaikulu, ndi loyenera kulibweza pathebulo.

Nazo zosungira moto zija zotchedwa power bank zimakhumudwitsa anthu ngakhale zisali zachinyengo. Yolembedwa 10000 mAh imaŵerengedwa pa 3.7V ya mabatire a m'kati mwake, ndiye 37 Wh. Potuluka, magetsiwo amakwezedwa kufika pa 5V, foni n'kuwatsitsanso, ndipo posinthasinthapo ena amatayika ngati kutentha. Foni ya 4000 mAh, imene mwiniwake ankayembekeza kuidzaza kaŵiri ndi theka, imadzaza pafupifupi kaŵiri. Palinso mafoni ena atsopano otchaja mofulumira amene ali ndi mabatire aŵiri olumikizidwa mutu ndi mchira, monga a mu wailesi aja. Pa iwo pangalembedwe 7.7V ndi 2250 mAh. Woona V yokha anganene kuti ndi chimphona, woona mAh yokha anganene kuti ndi kachabechabe, koma sikelo ikuti 17.3 Wh, chimodzimodzi ndi batire la 3.85V ndi 4500 mAh.

Kunena zoona, chimene chimalamula ngati foni ifike madzulo kapena ayi kaŵirikaŵiri sichikhala pa batire. Galasi la foni ndilo limadya moto kwambiri, makamaka kumunda kumene munthu amaliŵalitsa kuti aone padzuŵa. Mavidiyo a pa Facebook ndi pa WhatsApp amatsatira. Ndipo dziko la Thyolo, ndi mapiri ndi zigwa zake, lili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Foni ikakhala m'chigwa kumene netiweki ya TNM kapena Airtel ndi yofooka, imaonjeza mphamvu poyesa kufikira nsanja, monga munthu amene akufuulira mnzake wa kutsidya kwa mtsinje. Ingakhale ili m'thumba osakhudzidwa, imatha moto pofunafuna. Munthu amene akudziŵa kuti tsiku limenelo agwira ntchito kumalo kopanda netiweki amapulumutsa moto wambiri akazimitsa intaneti, kuposa mphindi 24 zija zimene akanagula kumsika.

Nyengo nayo imaloŵererapo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yamaŵaŵa imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Imatha kuphimba dzuŵa masiku angapo, ndipo sola ya padenga imapereka magetsi ochepa kwambiri. M'masiku otere foni imakhala pa tchaja maola ambiri osadzaza, ndipo batire limanamiziridwa mlandu umene uli wa mitambo. Ena akathedwa nzeru amalumikiza foni ku batire la galimoto ndi mawaya okhaokha. Zimenezi zimaotcha foni, pakuti 12V ndi yoposa kaŵiri 5V imene foniyo imayembekeza. Pakati pake payenera kukhala tchaja ya m'galimoto, imene ntchito yake ndi kutsitsa magetsiwo.

Mawu oti moyo wa batire ali ndi tanthauzo lachiŵiri, ndilo zaka zimene batire limatumikira lisanatayidwe. Batire la lithium limachepa mphamvu pang'onopang'ono nthaŵi iliyonse likadzazidwa ndi kutha, ndipo ambiri akazungulira chomwecho nthaŵi pafupifupi 500 amatsala ndi magawo ngati 80 pa 100 a mphamvu yawo yoyamba. Kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku, nthaŵi 500 zimakwana chaka chachiŵiri chisanathe. Pano mpamene nambala ya V imaonetsa nkhope yake ina, pakuti batire limakalamba msanga likamakhala nthaŵi yaitali pamwamba penipeni pa malire ake, lili lodzaza ndiponso lotentha. N'chifukwa chake mafoni ena atsopano amalola mwiniwake kuimitsa kutchaja pa 80 pa 100. Uphungu umenewu ndi wosavuta kwa munthu wa m'tauni amene ali ndi magetsi pafupi ndi bedi. Munthu amene walipira kugolosale ndipo sadzapezanso magetsi mpaka mkuja sangauzidwe kuti achotse foni isanadzaze, ndipo palibe chifukwa chomudzudzulira. Chimene angathe ndicho kuiteteza ku kutentha.

Opanga mafoni amalangiza kuti foni isagwiritsidwe ntchito pamalo otentha kupyola madigiri 35. Foni yosiyidwa pamwala padzuŵa la mu Okutobala, kapena padenga la malata pambali pa sola, kapena pansi pa pilo ikutchajidwa, imapyola pamenepo mosavuta. Akuluakulu ambiri anazoloŵera kuyanika mabatire a wailesi padzuŵa kuti aimbeko usiku wina umodzi, ndipo kwa mabatire amenewo nzeruyo inkathandizadi pang'ono. Kwa batire la lithium ndi imfa. Chizoloŵezi chinanso chosiyidwa ndi mabatire akale a nickel, choti foni iyambe yazimiratu isanatchajidwe, chilibe ntchito pa lithium. Batire limeneli limakonda kuonjezeredwa moto pang'onopang'ono, ndipo limaonongeka likasiyidwa milungu lili lopanda kanthu.

Tsono wothyola tiyi uja akamapita kumsika Loŵeruka, atenge batire lakale m'thumba. Pa ilo pali dzina la mtundu wake, nambala ya V, malire odzazira, ndi mAh. Latsopano lifanane nalo pa dzina, pa V ndi pa malire, ndipo pokhapo ndi pamene angayerekeze mAh ndi kulemera kwake m'manja. Mafoni ambiri amakono ali ndi batire lomatiridwa m'kati, losachotsedwa ndi mwiniwake, kotero ntchitoyo imagwera wokonza mafoni. Pamenepo mwini foni ali ndi ufulu wopempha kuti aone mabatire onse aŵiri ali pathebulo chivundikiro chisanatsekedwe, ndipo mmisiri wodziŵa ntchito yake sakwiya ndi pempho lotere. Batire lakalelo, makamaka ngati latupa, lisaboledwe ndi msomali, lisapatsidwe kwa ana kuti aziseŵeretsa, ndipo lisatayidwe kudzala kumene zinyalala zimatenthedwa madzulo. Lisungidwe m'chitini chokhala ndi mchenga, kunja kwa nyumba pamthunzi, mpaka tsiku lokalisiya kwa wokonza mafoni.